Nsapato Zimene Sizinalowe m'Cithunzi

Mng'ono wanga anali mu Giredi 4 caka cimene cithunzi cake cinapita kunja kwa dziko, ife eni ake osadziwa. Unali mwezi wa February, ndipo inu amene munakulira ku Kanyama mudziwa kale zimene mwezi umenewu umabwera nazo. Mvula ikagwa usiku wonse, m'mawa mupeza njira yasanduka dziwe, madzi alowa m'zimbudzi n'kutulukamo ndi katundu wake. Ana a sukulu ali ndi lamulo limene palibe anawaphunzitsa: vula nsapato, nyamula kumanja, ukavalire pageti. Nsapato ndi ndalama, mapazi amauma okha.

Tsiku limenelo kunabwera galimoto yoyera ya bungwe lina lothandiza anthu. Anali kugawa ndowa ndi mabotolo a kolorini, ndipo mmodzi wa iwo anali ndi kamera yaikulu pakhosi. Anaona kamtsikana kataima m'madzi ofika m'maondo, anakamwetulira, n'kukapempha kupyolera mwa womasulira kuti kayambe kapatsa mnzake nsapatozo. Kanamvera, paja mwana wa kwathu sakana wamkulu, makamaka mlendo. Patapita miyezi, msuweni wathu anacipeza cithunzico pa Facebook, pansi pake pali mau a Cingelezi opempha ndalama zothandizira ana osauka a mu Africa. Dzina la mwana panalibe, dzina la Kanyama panalibenso. Nsapato zimene amai anagula ndi ndalama za tomato zinatsala kunja kwa cithunzi, m'manja mwa mwana wina.

Amai ataciona pafoni anakhala cete nthawi yaitali. Kenaka anati, "Kolorini uja tinathira m'madzi, ndipo kolera siinalowe m'nyumba muno caka cimeneco. Anthu aja sindingawatukwane. Koma mwana wanga ali nazo nsapato." Kuyamika ndi kudandaula zinatuluka m'kamwa limodzi, ndipo ndakhala ndi mau amenewa kuyambira tsiku lija. Pali anthu amene amatamanda ojambula zithunzi m'malo a nkhondo, njala ndi miliri, amati kamera yao imapulumutsa miyoyo. Pali ena amene amawacha miimba yodyera pa tsoka la anzao. Ine ndifuna tiyang'ane zithunzi zenizeni, zimene mungazipeze pafoni yanu lomba lino, tione kuti ciliconse cinacita ciani ndipo cinasiya ciani kunja.

Tiyambe ndi cochuka kuposa zonse. Mu March 1993, Kevin Carter, wojambula wa ku South Africa, anatera ndi ndege yonyamula cakudya pamudzi wa Ayod, kum'mwera kwa Sudan, dera limene lero lili m'dziko la South Sudan. Kumeneko anajambula kamwana kowonda kotsala mafupa okha, katagwada mphumi ili pansi, kumbuyo kwake kutatera muimba. Nyuzipepala ya New York Times inasindikiza cithunzici pa 26 March caka comweco, ndipo owerenga ambiri anaimba mafoni ndi kulemba makalata kufunsa ngati mwanayo anapulumuka. Mu April 1994 Carter anapata mphoto ya Pulitzer. Mu July caka comweco anadzipha ku Johannesburg, ali ndi zaka 33.

Ngati tikamba za luso cabe, cithunzici cilibe cilema. Diso liyamba pa mwana, lithamangira kwa mbalame, libwereranso kwa mwana, ndipo pakati pa awiriwo pali malo opanda kanthu amene mtima wako ufuna kulumphiramo. Carter mwiniwake anakamba kuti anadikira mphindi pafupifupi 20 kuti mwina muimba utambasule mapiko, ndipo pambuyo pake anauthamangitsa. Anthu ambiri anamuweruza pa mphindi zimenezo. Wanga mlandu ndi cithunzici uli pena. Cimatiuza kuti mwanayu ali yekha padziko ndipo mdani wake ndi mbalame, pamene zonse ziwirizi si zoona. Pafupi pomwepo panali anthu ambiri, pakuti ndege inali kutsitsa cakudya, ndipo padzanja pa mwanayo pali kalamba koonetsa kuti anali atalembedwa kale pamalo odyetsera ana. Njala ya ku Ayod inabwera ndi nkhondo ya pakati pa boma la Khartoum ndi gulu la SPLA, ndiponso kugawanika kwa gululo mu 1991, pamene asilikali a John Garang ndi a Riek Machar anayamba kumenyana okhaokha, midzi n'kutenthedwa, ng'ombe n'kulandidwa. Munthu wa mfuti amene anacititsa zonsezi sali m'cithunzi. Mlandu wake anausenzetsa mbalame.

Dziko lonse linali kunena kuti mwanayo ndi mtsikana. Mu 2011 atolankhani a nyuzipepala ya El Mundo ya ku Spain anapita ku Ayod n'kupeza atate ake. Anali mnyamata, dzina lake Kong Nyong. Anapulumuka njala ija, anakula, ndipo malinga ndi atate akewo anamwalira patapita zaka zambiri atadwala matenda otentha thupi. Tangoganizani, zaka 18 cithunzi cili m'mabuku, m'makalasi a atolankhani ndi m'mikangano ya anthu ophunzira, koma wopita kukafunsa dzina osaoneka. Tinakambirana ngako za mtima wa wojambula. Za wojambulidwa tinakhutira ndi nthiti zake.

Pamenepa wina angaganize kuti ndikupita kukanena kuti zithunzi zotere n'zopanda pake. Iai. Mphamvu zili nazo, ndipo pali cithunzi cina cimene mphamvu yake inayesedwa ndi manambala. Pa 2 September 2015, Nilüfer Demir, wojambula wa ku Turkey, anapeza mtembo wa kamnyamata ka ku Syria, Alan Kurdi, pagombe la nyanja pafupi ndi tauni ya Bodrum. Banja lake linali kuthawa nkhondo, ndipo bwato limene anakwera kuti aolokere kucisumbu ca Kos ku Greece linagubuduzika. Amai ake ndi mkulu wake anamiranso. M'cithunzimo mwana wagona cafufumimba pamcenga, madzi akum'khudza kumaso. Wavala kamalaya kofiira, kabudula wabuluu ndi nsapato.

Zovalazo ndizo zinagwira nchito. Pofika nthawi imeneyo nkhondo ya ku Syria inali itatha zaka zinai, anthu oposa 200,000 atafa kale, koma ku Ulaya ambiri anali kungotembenuza tsamba. Atamuona Alan anaona mwana wao, wovekedwa ndi amai ake m'mawa, wogona monga amagonera mwana akatopa ndi masewera. Palibe nchenche kumaso, palibe mimba yotupa, palibe ciliconse cokuuza kuti awa ndi anthu a mtundu wina. Mu 2017 katswiri wina wa maganizo a anthu, Paul Slovic, ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayang'ana zopereka ku thumba la Red Cross ya ku Sweden lothandiza othawa nkhondo ya ku Syria. M'sabata yotsatira cithunzico, ciwerengero ca zopereka patsiku cinaposa ca sabata yam'mbuyo kuwirikiza nthawi 100. Patangotha masabata ocepa cinayamba kugwa, mpaka kubwerera pafupi ndi pamene cinali.

Ndiye mphamvu ilipo, koma ndi moto wa mapesi. Uyaka msanga, uoneka patali, koma sungaphikepo nyemba. Ndalama zimene zinaperekedwa m'masabata amenewo zinagula mabulangeti ndi mankhwala enieni, monga mmene kolorini wa amai analiri weniweni. Ku Canada, kumene azakhali a Alan anali kukhala, nkhani ya othawa nkhondo inalowa m'kampeni ya masankho, ndipo boma latsopano la Justin Trudeau linalandira Asiriya 25,000 m'miyezi yocepa. Zimenezi si zazing'ono. Koma mu March 2016 maiko a European Union anapangana ndi Turkey zobweza anthu oolokera ku Greece, ndipo nkhondo inapitiriza. Tikumbukirenso kuti mu October 2013 anthu oposa 360, ambiri a iwo a ku Eritrea, anamira pafupi ndi cisumbu ca Lampedusa ku Italy. Ndani wa ife angachule dzina la mwana mmodzi wa m'bwato limenelo? Cifundo cimene cithunzi cimadzutsa cili ndi tsankho lake, cimathamangira wofanana nafe.

Pali vuto lina. Cifundo ndi cuma, ndipo pali anthu odziwa kucikolola. Dziko lathu linalowamo m'nkhani yotere. M'nkhondo ya ku Nigeria ya 1967 mpaka 1970, zithunzi za ana a ku Biafra otupa mimba ndi njala zinadzaza manyuzipepala a ku Ulaya ndi ku America, makamaka kuyambira mu 1968. Njalayo inali yeniyeni, popeza boma la Nigeria linatseka njira zonse zolowera m'deralo. Zambia wa a Kenneth Kaunda anali mmodzi wa maiko asanu cabe amene anavomereza Biafra kukhala dziko, pamodzi ndi Tanzania, Gabon, Côte d'Ivoire ndi Haiti. Ndege za machalichi zinali kutera usiku ndi cakudya, ndipo ena mwa madokotala a ku France amene anagwira nchito kumeneko ndiwo anayambitsa bungwe la Médecins Sans Frontières mu 1971. Koma atsogoleri a Biafra analembanso nchito kampani ya Markpress ya ku Geneva kuti izifalitsa nkhani zao, ndipo ana anjala anasanduka cida ca nkhondo. Mpaka lero olemba mbiri amatsutsana ngati cithandizo cija sicinatalikitse nkhondoyo.

Ku Ethiopia zinabwerezanso. Mu October 1984 kanema wa BBC anaonetsa zimene Mohamed Amin wa ku Kenya anajambula ku Korem, ndipo kucokera pamenepo kunabadwa Band Aid ndi konsati ya Live Aid ya pa 13 July 1985. Ndalama zinasonkhedwa zambiri ndipo miyoyo inapulumuka. Koma nkhani imene anthu anaimva inali ya cilala, ngati kuti wolakwa ndi mitambo. Boma la Mengistu Haile Mariam linali pankhondo ku Tigray ndi ku Eritrea, ndipo linali kusamutsa anthu mokakamiza kuwacotsa kumpoto. Médecins Sans Frontières ya ku France itadzudzula kusamutsako, inathamangitsidwa m'dzikomo mu December 1985. Kamera imaona bwino mwana wolira. Lamulo losainidwa mu ofesi ya nduna siimaliona, pokhapokha wojambula atalifunafuna.

Lomba ndifuna kukuonetsani cithunzi cimene ine ndimaciika pamwamba pa zonse, ngakhale ndi cakale ndipo n'coopsa kuciyang'ana. Cinajambulidwa mu 1904 kwa anansi athu ku Congo, nthawi imene dziko lonselo linali munda wa munthu mmodzi, Mfumu Leopold II ya ku Belgium. Midzi inali kulamulidwa kubweretsa mphira wa kuthengo pa mlingo woikika, ndipo ikalephera, alonda a mfuti a makampani anali kulanga. Munthu wina dzina lake Nsala, wa ku Wala, anafika pamishoni ya Baringa atanyamula kanthu kokulunga m'masamba. Munali dzanja ndi phazi la mwana wake wamkazi wa zaka zisanu, amene anaphedwa ndi alonda a kampani ya ABIR. Mmishonale wa ku England, Alice Seeley Harris, anam'khazika pakhonde, n'kuika ziwalozo patsogolo pake, n'kujambula.

Ciyang'aneni bwino. Nsala wakhala cammbali, msana wawerama pang'ono, maso ali pa tinthu tiwiri tating'ono timene tili pakhonde. Sayang'ana kamera, sapempha kanthu kwa ife. Kumbuyo kwake kwaima anthu ena, akuona zimene iye akuona, ndiye sali yekha padziko. Ndi tate, munthu wamphumphu, ndipo cisoni cake n'cimene tate aliyense angacizindikire. Cithunzici cinatuluka ndi dzina lake, dzina la mudzi wake ndi mlandu wa amene anapha. Harris ndi mwamuna wake John anayenda naco m'misonkhano mazanamazana ku Britain ndi ku America, akucionetsa pakhoma ndi nyali, mogwirizana ndi gulu la Congo Reform Association limene E. D. Morel anayambitsa caka comweco. Mu 1908 Leopold anakakamizika kupereka Congo m'manja mwa boma la Belgium.

Sindikuti cithunzi cimodzi cinagwetsa mfumu, ndipo sindikuti Harris anali mngelo. Nayenso anakonza malo, anasankha pomukhazika Nsala. Amishoni anali ndi zofuna zao, ndipo utsamunda wa Belgium unapitiriza mpaka 1960. Koma funsani kuti ndani anapita kwa mnzake. Carter anatsika m'ndege, anapeza mwana, anajambula, anakwera ndege. Ku Baringa, Nsala ndiye anayenda ulendo, atanyamula umboni wake, kufunafuna munthu woti auone. Akulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Nsala anatsekula yekha, ndipo kamera inangokhala mboni yaciwiri pa mlandu umene mwini wake anauyambitsa. Cithunzi ca Carter cimakupempha kuti umve cisoni. Ca Nsala cimakufunsa kuti wacita izi ndani, ndipo funso limeneli likhalitsa kuposa misozi.

Muyeso wanga ndautenga pamenepa. Cithunzi ca pamalo a tsoka cingakhale umboni, cingakhalenso nyambo. Nyambo imafunika ioneke bwino kwa nsomba, ndipo palibe msodzi amene amafunsa nyongolotsi maganizo ake. Ndiye cifukwa cake nsapato zimacotsedwa, makolo amakankhidwira kumbali, dzina silifunika, pakuti mwana aliyense wa mu Africa angalowe m'malo mwa mnzake. Umboni ufuna dzina, malo, tsiku ndi coyambitsa, cifukwa popanda zimenezi palibe khoti limene lingaulandire. Nyambo ingabweretse ndowa ndi kolorini, ndipo sindinyoza zimenezo. Koma caka camawa madzi akabweranso, padzafunika mwana wina wovula nsapato.

Umboni nao uli ndi mtengo wake, ndipo kawirikawiri amaulipira ndi wojambulidwa. Pa 16 June 1976 ku Soweto, Sam Nzima wa nyuzipepala ya The World anajambula Mbuyisa Makhubo akuthamanga atanyamula Hector Pieterson, mnyamata wa zaka 12 woomberedwa ndi apolisi, mlongo wake wa Hector, Antoinette, akuthamanga pambali akulira. Nzima anabisa filimu m'sokosi kuti apolisi asailande. Iye sanali mlendo wa tsiku limodzi, anali munthu wakuda wokhala pansi pa malamulo omwewo, ndipo cithunzi cake cinaloza cala pa boma la tsankho dziko lonse likuona. Koma apolisi anamuvutitsa mpaka anasiya utolankhani n'kubwerera kumudzi, ndipo umwini wa cithunzi cake anaupeza mu 1998. Makhubo anathawa m'dzikomo, ndipo kwao sanabwererenso. Amene amati kamera imathandiza anthu azikumbukira kuti wojambula akacoka, nkhope imene waionetsa kudziko imatsala pamalo pomwepo, pamene aliyense angaipeze.

Mabungwe ena aphunzirapo kanthu. Mu 2017 Save the Children inafalitsa kafukufuku wochedwa The People in the Pictures, m'mene anafunsa anthu a ku Niger, Bangladesh, Jordan ndi Britain, kuphatikizapo amene anajambulidwapo ndi bungwelo. Anthuwo sanakane kuti mavuto ao aonetsedwe. Anafuna kukamba okha nkhani yao, kudziwa kumene cithunzi cikupita, ndi kuciona cikatuluka. Zofuna zake n'zomwezo za amai anga, amene sanawerengepo kafukufuku aliyense. Koma ndili ndi mantha ndi mankhwala amene ena apeza. Potopa ndi kudzudzulidwa, asintha mwana wolira n'kuikapo mwana womwetulira, wanyamula kabeketi kolembedwa dzina la bungwe. Kumwetulira kumeneku nakonso n'kokonza. Dzulo mwana anali citsanzo ca umphawi, lero ndi risiti yoonetsa opereka kuti ndalama zinafika. Pa zithunzi zonse ziwiri sanafunsidwe kanthu, ndipo funso lakuti n'cifukwa ciani madzi a kwao ali ndi matenda silinayankhidwe.

Nkhaniyi ndakhala ndikuikamba ngati ya azungu a makamera akuluakulu, koma lomba kamera ili m'thumba la aliyense wa ife. Kolera imene inayamba mu October 2023 inadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko muno ndipo inapha mazana angapo. Mu January 2024 National Heroes Stadium inasanduka cipatala, masukulu anacedwa kutsegula mpaka February. Pa 29 February caka comweco pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Malo a mavuto amene timawaona pa TV nthawi zina ndi komboni yathu yomwe. Nanga ife tinajambula ciani? M'magulu a WhatsApp munayenda zithunzi za odwala ali pawilibala, za azimai akulira, za mitembo yokulungidwa m'mapulasitiki. Minibasi ikagubuduzika pamseu, mafoni amafika ambulansi isanafike, ndipo pali mabanja amene amva za maliro ao poona nkhope ya m'bale wao pa Facebook. Carter anali ndi cifukwa, anafuna dziko lidziwe za njala. Ife nthawi zambiri tifuna cabe kukhala oyamba kutumiza. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Komabe foni yomweyo ingacite nchito ya Nsala, ndipo ife tili ndi mwai umene mlendo alibe. Mlendo ali ndi maola awiri ndege isananyamuke, ife tili pano caka conse. Tidziwa kuti pansi pa Kanyama pali mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu, kuti madzi a pansi ali pafupi kwambiri, ndipo zotuluka m'cimbudzi cokumba siziyenda mtunda wautali kuti zifike m'citsime. Tidziwa ngalande imene inatsekeka ndi mabotolo, pompi imene inauma, mzere wa zigubu umene umayamba tambala asanalire. Zimenezi sizigwetsa misozi ku London, koma ndizo gwero la matenda. Jambulani cimbudzi ndi citsime m'cithunzi cimodzi, kuti woona ayese yekha mtunda wake. Jambulani ngalande yomweyo mu November, mu February ndi mu June, mulembe tsiku ndi malo, mucite conco zaka zitatu. Mukatero muli ndi cinthu coika pathebulo pamaso pa khansala, ndipo sangakuuzeni kuti inali mvula ya caka cimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukafuna kujambula munthu, m'funseni m'cilankhulo cake, muuzeni kumene cithunzi cikupita, ndipo akakana bwezani foni m'thumba. Akavomera, lembani zimene iye wakamba, ndipo dzina lake muliike ngati afuna ndiponso ngati silingam'bweretsere mavuto. Mwana ali ndi makolo, apezeni. Pali nthawi zimene kufunsa sikutheka, monga pamene Demir anaima pagombe paja, kapena Nzima pakati pa zipolopolo. Pamenepo funso ndi lakuti cithunzici cikatuluka cidzaloza ndani. Ngati ciloza wopalamula, mwina n'coyenera mtengo wake. Ngati cingoonetsa cilonda kuti anthu atsonye n'kupitiriza ulendo, ndi bwino cikhale cosajambulidwa.

Naconso ca mng'ono wanga ndimaciyesa ndi muyeso womwewo, ndipo cimandisautsa cifukwa cinatsala pang'ono kukhala cithunzi cabwino. Madzi anali enieni, ngozi ya kolera inali yeniyeni, wojambula sanali munthu woipa. Akanasiya nsapato zija m'manja mwa mwana, dziko likanaona zoona zake: mtsikana wa yunifomu yocapa bwino, wopita kusukulu m'madzi a m'zimbudzi, wateteza cinthu cimene amai ake anacivutikira. Woona akanafunsa kuti n'cifukwa ciani mwana wa banja logwira nchito, mumzinda waukulu wa dziko, ayenera kusankha pakati pa mapazi ndi nsapato. Funso limenelo likanafika kwa okonza ngalande. M'malo mwake anapanga mwana wopanda kanthu, amene yankho lake ndi kumuponyera kandalama.

Kusukulu anzake anam'seka miyezi ingapo, akumucha mwana wa madona. Lero ndi wamkulu, ndipo nkhaniyi amaikamba akuseka. Mvula yathayi madzi analowanso m'njira yathu ija, pamalo pomwe paja. Ndinatuluka ndi foni kuti ndijambule ngalande, caka cacitatu tsopano, ndipo ndinam'peza akuoloka, siketi atakwinya, nsapato za kunchito zili kumanja. Anandiona, n'kuimirira pakati pa madzi.

"Kopa," anatero, akukweza nsapatozo m'mwamba. "Koma izi zioneke. Ndipo ulembe kuti ni pa Kanyama."